Khrisimasi pa sitima ya m'gombe la Norway, tili ndi ana komanso amayi odwala shuga: tipite kapena tisiye?

Funso lachokera kwa mayi wina yemwe akukhala ku Manchester, ndipo walemba motere: "Ndimakhala kuno ndi abambo akunyumba ndi ana awiri, wina zaka 11 wina 6. Chaka chino amayi akubwera kuchokera ku Zomba kudzatichezera miyezi itatu ndipo Khrisimasi idzawapeza kuno. Ine kwa zaka zambiri ndakhala ndikusirira zithunzi za ma fjord a ku Norway, mapiri aja atazungulira madzi, ndiye ndaona kuti kuli sitima yomwe imayenda m'gombe lonse mpaka kumpoto kwenikweni. Ndikufuna tikadyere Khrisimasi m'menemo. Abambo akuti ndi misala, kuzizira, mdima, ana akadwala. Amayi ali ndi zaka 68, ali ndi BP ndi shuga. Inenso ndinakwerapo Ilala kamodzi popita ku Likoma nthawi ya mwera ndipo ndinasanza njira yonse. Ndiuzeni zoona, tipite kapena tisiye?"

Achemwali, choyamba mtima m'malo, si misala ayi. Ine ndakhala kuno ku Tromsø zaka zambiri ndithu ndipo nyengo zozizira zingapo ndagwira ntchito yoperekeza magulu a alendo pa sitima zimenezi, kukwera ku Bergen kukatsikira ku Kirkenes, kubwerera, kukweranso, mpaka madoko onse ndimatha kuwatchula motsatana osaphonya. Ndaonamo agogo azaka zoposa 80, ndaonamo makanda akuyamwa, onse anafika bwinobwino ndipo ena potsika misozi inali ikulengeza. Ndiye ulendowo ndi wotheka. Koma abambo akunyumbawo musawatsutse kwambiri chifukwa zomwe akuopazo zilipodi, kungoti zonse zili ndi machitidwe ake. Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si kuzizira kapena mafunde, ndi chithunzi chili m'mutu mwanucho. Zithunzi mumasirirazo, mapiri obiriwira, mathithi akugwera m'madzi, dzuwa lili ngwee, zinajambulidwa mu Juni kapena Julaye. Disembala kuno ndi dziko lina, lokongola mwa njira yakeyake, koma mukabwera mukuyembekezera za pachithunzi zija mukhumudwa ndipo ndalama zikhala zitapita.

Poti munakwerapo Ilala, sitimayi muimvetsa msanga kuposa azungu ambiri omwe ndimawaperekeza, omwe amabwera akuganiza kuti ndi hotela yoyandama yokhala ndi madansi usiku uliwonse. Iyi ndi sitima ya ntchito. Inayamba mu 1893, kaputeni wina dzina lake Richard With ndi amene anayambitsa ulendo wochoka ku Trondheim kukafika ku Hammerfest, nthawi imeneyo kumpoto kuno misewu kunalibe ndipo makalata m'nyengo yozizira ankatenga masabata kuti afike. Mpaka lero sitima imanyamula katundu, magalimoto, nsomba, ana asukulu obwerera kwawo ku holide, agogo opita kuchipatala cha mtawuni ina, monga momwe anthu a ku Likoma ndi Chizumulu amadalira Ilala. Imaima pa madoko 34 pakati pa Bergen ndi Kirkenes, kupita kumpoto ndi usiku 6, kubwerera ndi usiku 5, ulendo wonse masiku 12. Makampani ndi awiri, Hurtigruten yakale ija ndi Havila yomwe inayamba kumapeto kwa 2021, ndipo amagawana masiku moti tsiku lomwe mwasankha kunyamuka ndi lomwe limakusankhirani kampani ndi sitima. Kusiyana ndi Ilala nkoti m'kati ndi motentha ngati m'nyumba, makabini abwino, malo odyera, mawindo akuluakulu, ndipo imakocheza padoko penipeni, za kutsikira m'maboti ang'ono mutanyamula katundu pamutu kulibe.

Tsopano nkhani ya ma fjord ija, apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Fjord ndi chigwa chakuya chomwe chinakumbidwa ndi madzi oundana kalekale kenaka nyanja nkulowamo, ndiye mumakhala madzi amchere ali phee pakati pa mapiri otalika. Yotchuka kwambiri, Geirangerfjord, sitimayi imalowamo m'chilimwe chokha. Trollfjord ya ku zilumba za Lofoten, kaja kopapatiza komwe polowera pake ndi pafupifupi mamita 100 basi, m'nyengo yozizira salowamo chifukwa chipale chimatha kugumuka kuchokera m'mapirimo nkugwera pa sitima. Ndiye mu Disembala zomwe mumaona kwambiri ndi gombe, zilumba, timipata ta pakati pa zilumba, mapiri oyera mbee, ndi timatawuni ta asodzi. Ngati mtima wanu uli pa fjord yopapatiza yeniyeni, konzani tsiku lapadera musanakwere sitima yaikuluyo. Pakati pa Flåm ndi Gudvangen pamayenda boti chaka chonse kudutsa mu Nærøyfjord, ulendo wa maola awiri, madzi ake odekha moti olo inu amene munavutika pa mwera simumva kanthu, ndipo malowa ali pa mndandanda wa UNESCO kuyambira 2005 limodzi ndi Geiranger. Kufika ku Flåm mumakwera sitima ya pamtunda ya pakati pa Oslo ndi Bergen, kutsika pa Myrdal, kenaka kasitima kena kotsetsereka makilomita 20 kulowa m'chigwa. Sankhani boti la masana enieni chifukwa ku dera la Bergen nthawi ya Khrisimasi kumawala maola osakwana 6.

Zomwe zatifikitsa pa mdima. Ku Trondheim kumawala pafupifupi maola anayi ndi theka. Mukapitirira mzere wa Arctic, mzere wa pa mapu womwe kumpoto kwake kuli masiku omwe dzuwa silituluka m'nyengo yozizira, womwe sitima yopita kumpoto imaudutsa m'mawa wa tsiku lachinayi pakati pa Nesna ndi Ørnes, masana amafupikirafupikira mpaka kuno ku Tromsø komwe dzuwa silituluka nkomwe kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale. Akuno amati mørketid, kutanthauza nyengo ya mdima. Koma musaganize kuti kumakhala bii maola 24 ngati magetsi azima usiku wopanda mwezi. Cha m'ma 10 m'mawa mpaka cha m'ma 2 masana kumabwera kuwala kwina kovuta kukufotokoza, ngati m'bandakucha womwe sukufuna kucha, kumwamba kumwera kumafiira pang'ono, china chilichonse, chipale, nyanja, mapiri, nkusanduka buluu. Chaka changa choyamba kuno mdimawo unandilemera kwambiri, tulo tosatha, mtima kusowa mtendere, koma kuwala kwa buluu kuja ndi komwe kunandigwira mtima mpaka pano, ndipo pa sitima ndi pomwe mumakuona bwino chifukwa kulibe nyumba zotchinga. Kwa masiku ochepa mdima suvulaza munthu, ungosokoneza tulo. Ana azidzuka ndi kugona nthawi yomwe anazolowera, ndipo maola owala aja nonse muzikhala panja kapena pawindo, chakudya cha masana chidikire, mafoni adikire. Ndimawawidwa mtima ndikaona banja lagona mpaka 11 kenaka ladya mpaka 1, potuluka kwada kale, tsiku lonse osaona kanthu.

Za kuwala kobiriwira kwa kumwamba kuja, aurora, akuno amati nordlys, mwayi ulipo wabwino kuyambira ku Lofoten kupita kumpoto, ndipo sitima ili ndi ubwino woti imayenda kutali ndi magetsi a m'tawuni komanso amalengeza pa sipika kukaoneka, olo pakati pa usiku. Koma Disembala ndi mwezi wa mitambo m'gombe muno, mutha kukhala masiku atatu osaona olo nyenyezi imodzi. Anawo musawalonjeze. Auzeni kuti tikapeza mwayi tiona, ndipo zovala zotentha zizigona pafupi ndi bedi chifukwa nthawi zina kumangovina mphindi khumi nkuzimiririka. Makampaniwa amakhala ndi lonjezo loti kukapanda kuoneka akupatsani ulendo wina waulere, koma limakhudza okwera ulendo wautali wopita ndi kubwerera, osati wachidule womwe ndikulangizeni m'munsimu.

Mafunde tsopano, poti ndi pomwe pagona mantha anu. Gawo lalikulu la njirayi sitima imayenda mobisala kuseri kwa zilumba, madzi ali bata ngati Nyanja ya Malawi m'mawa wa Okutobala. Koma pali malo angapo pomwe zilumba zimatha nkutulukira pa nyanja yaikulu, ndipo ife ogwira ntchito m'menemo timawadziwa ngati mabampu a pamsewu wakwathu. Woyamba ndi Stad, pakati pa Måløy ndi Torvik, m'mawa wotsatira mutanyamuka ku Bergen, malo oopedwa kuyambira makedzana. Kenaka Hustadvika pakati pa Molde ndi Kristiansund, kenaka Folda musanafike ku Rørvik, kenaka Vestfjorden pakati pa Bodø ndi Stamsund yomwe imatenga pafupifupi maola anayi, kenaka Lopphavet mutapitirira Tromsø, ndipo chomaliza ndi gombe lonse la Finnmark kuchoka ku Honningsvåg mpaka ku Vardø komwe kumanzere kwanu kulibe chotchinga chilichonse, ndi nyanja ya Barents basi. M'nyengo yozizira mphepo ya mkuntho ndi yosasowa. Sitimazi anazipangira nyanja imeneyi ndipo makaputeni akuno sachita masewera, kukaipa amadikira padoko kapena kudumpha doko, koma kugwedezeka kokha kulipo, mbale zimatsetsereka patebulo, ndipo munthu amene anasanza pa Ilala akhoza kusanzanso.

Chomwe ndaona kuti chimathandiza ndi kudziwiratu nthawi. Funsani pa risepishoni tsiku lililonse kuti malo oyipa tiwafika nthawi yanji, amakuuzani mosabisa, ndiye mumwe mankhwala a mseru ola limodzi kapena awiri musanafike, osadikira kuti mutu uyambe kuzungulira chifukwa pamenepo piritsi silikhalanso m'mimba. Idyani pang'ono zouma, bisiketi, buledi, osapita ndi njala komanso osakhuta zamafuta, kenaka kagoneni chagada maso otseka. Malangizo aja oti yang'anani kutali komwe nyanja yakumana ndi thambo mu Disembala sagwira ntchito kwenikweni chifukwa kunja kuli mdima. Kabini sankhani ya pakati pa sitima komanso ya m'munsi, za kutsogolo ndi za pamwamba ndi zomwe zimavina kwambiri ngakhale zili zodula. Funsaninso kuti isakhale pafupi ndi chitseko cha katundu chifukwa sitima imaima pamadoko kangapo usiku, 2 koloko, 4 koloko, ndipo phokoso la mafokoliti limadzutsa. Ku Britain kuli mankhwala ogula ku famase monga Stugeron ndi Kwells, inu ndi abambo palibe vuto lalikulu kupatula tulo, za ana funsani wa pafamasepo muyezo wake, koma amayi musawapatse chilichonse dokotala asanavomereze, makamaka okhala ndi hyoscine monga Kwells uja, kuphatikizapo kachigamba komata kuseri kwa khutu, zimatha kusokoneza mutu wa munthu wamkulu komanso nzoopsa kwa amene ali ndi vuto la maso la glaucoma.

Ndiye mukandifunsa kuti ukanakhala iwe ukanatani, masiku 12 onse ayi. Ndi mwana wa zaka 6, mayi wa zaka 68 ndi inu amene mumadwala mafunde, ulendo wonsewo ndi wolemetsa, komanso anthu asanu mukufunika makabini awiri kapena atatu, ndalama zake nzambiri zedi. Sitimayi imagulitsanso matikiti a doko ndi doko. Ine ndikanakwera pa Trondheim kukatsika pa Tromsø, usiku uwiri basi. Mwazemba Stad ndi Hustadvika, mwazemba Finnmark, mwatsala ndi Folda ndi Vestfjorden zokha, koma mwadutsa mzere wa Arctic, mwaima pa Bodø, mwaona Svolvær usiku magetsi akunyezimira m'madzi pansi pa mapiri a Lofoten, ndipo m'mawa mwake kuchoka ku Harstad kudzera ku Finnsnes mpaka kuno ndi madzi obisika okhaokha nthawi ya kuwala kwa buluu kuja, gawo lomwe ine ndimalikonda kuposa onse. Ku Trondheim fikani tsiku limodzi kale kuti amayi akaone tchalitchi chachikulu cha Nidaros chomwe chinamangidwa pa manda a mfumu Olav woyera, ndikukhulupirira kuti akabwerera ku Zomba adzakamba za chimenecho kuposa za aurora. Ngati mukufunanso Nærøyfjord ija, ndiye kukwerera ku Bergen madzulo nkomwe kungayende bwino, usiku unayi kukafika ku Tromsø, koma dziwani kuti mwavomera Stad. North Cape, nsonga ya kumpoto kwenikweni, ndi Kirkenes kumalire a Russia kuja zisiyeni ana akakule, Kirkenes ndi komwe kumazizira zenizeni, kutsika kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro si nkhani yachilendo kumeneko.

Khrisimasi yeniyeniyo kuno ndi pa 24, osati pa 25. Amati julaften. Masitolo amatseka masana a tsikulo, pa 25 ndi 26 ndi holide, ndipo matawuni amangoti zii, aliyense ali m'nyumba ndi abale ake, zitseko zotseka. Kwa ife ozolowera Khrisimasi ya kwathu ya phokoso, mpunga wa nkhuku, ana atavala zatsopano akuyenda m'misewu, ma wailesi akulira, bata limeneli limapweteka ukakhala mlendo pamtunda, Khrisimasi yanga yoyamba kuno ndinalira. Nchifukwa chake ndimati ngati mukubwera nthawi imeneyi, pa 24 pakupezeni muli pa sitima, poti m'menemo khitchini sitseka, mtengo wa Khrisimasi ulimo, ogwira ntchito nawonso ali kutali ndi mabanja awo ndiye mumakhala ngati banja limodzi, maulendo omwe ndinakhalamo ine tinkagwirana manja kuzungulira mtengowo tikuyimba monga amachitira akuno. 5 koloko madzulo mabelu a matchalitchi amalira kulandira Khrisimasi, anthu amayatsa makandulo pa manda a abale awo, ndipo pafupifupi windo lililonse limakhala ndi nyenyezi yowala, moti sitima ikamalowa kadoko kakang'ono mumdima mumaona timagetsi timeneti titakwera phiri lonse, ine mpaka lero ndikaona zimenezi ndimangokhala chete. Dziwani kuti ndandanda ya pa 24 ndi 25 imatha kusiyana ndi ya masiku onse, zaka zina sitima yomwe ndinalimo inagona padoko usiku wa julaften, ndiye musanalipire funsani kampaniyo kuti sitima yanuyo idzakhala pati komanso idzafika liti ku Tromsø. Ngati amayi ndi a Katolika, pakati pa tawuni ya Tromsø pali katchalitchi ka matabwa ka Vår Frue komwe ndi likulu la a Katolika a kumpoto kwa Norway, onani nthawi ya Misa pa intaneti. Kutsidya kwa mlatho kuli tchalitchi cha Lutheran chosongoka chija cha mu 1965 chomwe alendo amachitcha Arctic Cathedral.

Chakudya chake, kuli ribbe, nyama ya nkhumba ya pamimba yowotcha mpaka chikopa kuchita khirichikhirichi, kuli pinnekjøtt, nthiti za nkhosa zothira mchere nkuziumitsa kenaka kuziphika ndi nthunzi, ndiye kuli lutefisk, nsomba youma yomwe amaiviika m'madzi a soda mpaka kuterera, imeneyo lawani kachidutswa kaye. Ana akondwa ndi phala la mpunga, risgrøt, lofanana ndithu ndi lathu lija, amabisamo mtedza umodzi wa amondi ndipo woupeza amalandira kankhumba ka switi. Amayi pinnekjøtt angolawa, mchere wake ndi wosayenera munthu wa BP, koma nsomba yabwino ndi mbatatesi sizisowa, ndipo mukamagula tikiti lembani kuti pali wodwala shuga. Onetsetsaninso ngati tikiti ya doko ndi doko ikuphatikiza chakudya, nthawi zambiri chimakhala chapadera.

Tsopano nkhani ya amayi, yomwe kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse ndalembazi. Yoyamba ndi viza, ndipo apa ndaona mabanja akulira. Norway ili mu Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, ndipo viza ya Britain sikulowetsani. Ngati ena mwa inu muli ndi mapasipoti a Britain palibe vuto, koma aliyense wa pasipoti ya Malawi akufunika viza ya Schengen, olo akhale ndi chilolezo chokhala ku Britain. Inu okhala ku Manchester mutha kufunsira komweko. Amayi ayi, lamulo limati munthu afunsire m'dziko lomwe amakhala, ndiye iwo poti ku Britain akubwera ngati mlendo akuyenera kufunsira asananyamuke ku Malawi, mukadikira kuti afike kaye mudzapeza chitseko chotseka. Pempho amalandira kuyambira miyezi 6 ulendo usanafike, malipiro a munthu wamkulu ndi ma euro 90, amafuna inshuwalansi ya chipatala ya ma euro 30,000 kupita m'mwamba, ndipo pasipoti ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuchokera tsiku lotuluka mu Schengen. Tsamba la UDI, ofesi yoona zolowa m'dziko la Norway, limafotokoza komwe wokhala ku Malawi akapereke mapepala. Onaninso kuti viza yawo ya Britain ikulola kutuluka ndi kulowanso. Makabini musalipire mtengo wosabwezedwa viza isanatuluke.

Yachiwiri ndi thanzi lawo. Sitima za m'gombezi sizikhala ndi dokotala, poti zimaima pafupipafupi, kuli maofesala odziwa chithandizo choyamba ndipo pakavuta amaitana ambulansi kudoko lotsatira kapena helikopita. Zimenezi zimagwira ntchito bwino, ndaziona ndi maso, koma pakati pa Vestfjorden kuli mkuntho thandizo silifika pa mphindi khumi. Ndiye amayi akaonane ndi dokotala asananyamuke ku Zomba komanso kachiwiri ku Manchester kutatsala sabata ziwiri kapena zitatu, mumuuze dokotalayo mosabisa kuti tikupita kozizira, pa sitima yopanda dokotala, mwina asanza. Kuzizira kumafinya mitsempha ya magazi ndipo BP imakwera, munthu amene mtima wake uli ndi vuto lobisika amatha kuyamba kumva kupweteka pachifuwa akangotuluka panja pa mphepo. Kusanza kwa munthu wa shuga si kusanza wamba, thupi limauma msanga, shuga amasokonekera, ndipo mankhwala ena monga metformin ndi ena a BP amafunika kuimitsa kaye munthu akamalephera kumwa madzi, dokotala akulembereni papepala choti muchite tsiku loterolo. Ngati amabaya insulin isaundane, izikhala m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi, ndipo kamakina koyezera shuga kamanama kakazizidwa, aziyezera m'kati. Mankhwala onse akhale m'chikwama cha m'manja, a sabata yathunthu yoonjezera, ndi kalata ya dokotala. Pogula inshuwalansi nenani BP ndi shugayo poyera, mukabisa kuti mtengo utsike adzakana kulipira tsiku lomwe mukuwafuna.

Ali pa sitimapo, mukaona kupweteka pachifuwa, kubanika, nkhope kukhota kapena mawu kulemera, kusokonezeka mutu, kapena asanza maola angapo madzi osakhala m'mimba, pitani pa risepishoni nthawi yomweyo olo ndi 3 koloko usiku. Amayi athu a kwathu amapirira kwambiri, amati ndili bwino mwanawe ndisakuvutitse, ndiye muziwayang'ana nkhope osati kungomva mawu. Pamtunda nambala ya ambulansi ndi 113, ndipo 116 117 ndi ya dokotala wa usiku ndi pa holide. Ngati dokotala wa ku Manchester apeza kuti BP sikutsika, shuga akukwera ndi kutsika mosadziwika bwino, ali ndi bala kuphazi, kapena anadwalapo mtima kapena sitiroko miyezi yapitayi, ulendowo usiyeni chaka chino, musakakamize.

Kuzizira kwa gawo ndakusankhiranili si koopsa monga abambo akuganizira, madzi ofunda a Gulf Stream amachititsa kuti madoko asaundane, Tromsø nthawi zambiri imakhala madigiri ochepa pansi pa ziro, chomwe chimaluma ndi mphepo ya pa deki. Valani mosanjikiza, cha ubweya wa nkhosa kukhudza thupi, juzi pamwamba, kenaka jekete yotchinga mphepo ndi madzi, chipewa chophimba makutu, magolovesi. Za thonje pakhungu ayi, zikanyowa ndi thukuta zimazizira. Amayi akafuna chitenje chawo avale, koma pamwamba pa thalauza lotentha. Mapazi awo muziwaona madzulo aliwonse, shuga amachititsa dzanzi moti chala chitha kupsa ndi chisanu iwo osamva, nsapato zikhale zokulirapo kuti masokosi awiri alowe osafinya. Ndipo ngozi yomwe ndaiona kawirikawiri kuposa zonse pa maulendowa si ya panyanja, ndi kuterereka padoko. Chipale chimasungunuka masana nkuundana usiku, msewu nkukhala ngati galasi. Gulani timinga tomangirira kunsi kwa nsapato, kuno timati brodder, aliyense awiri ake, ndipo amayi asatsike okha popanda wowagwira mkono. Timagalasi tonyezimira tomangirira pa jekete natonso gulani, makamaka anawo, oyendetsa galimoto mumdima sakuonani popanda timeneti.

Ziwiri zomaliza zomwe zimaluza anthu ndalama. Madoko ena sitima imaima mphindi 10 kapena 15 zokha, kutsitsa katundu nkumapita, ndipo sidikira munthu. Ndinaonapo bambo wina atatsika kukajambula kasitolo pa kadoko kena, potembenuka sitima yasuntha, jekete yaikulu, pasipoti ndi mankhwala zonse zili m'kabini, anavutika kwambiri kuti atipeze kutsogolo. Pa maimidwe afupi onerani muli pa deki, tsikani pa Bodø pomwe pali nthawi yokwanira, ndipo wotchi ikhale pa nthawi ya Norway yomwe ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya Britain. Chinanso, ndege yobwerera isakhale ya tsiku lomwe sitima ikufika. Banja lina lomwe ndinaliperekeza linagula ndege ya madzulo a tsiku lofika, mkuntho unatichedwetsa, matikiti asanu anapsa, a tsiku lotsatira nthawi ya holide anali okwera mtengo koopsa. Gonani ku Tromsø usiku uwiri, hotela isungitsidwe kale pamodzi ndi chakudya cha pa 25 ndi 26, mupeze mpata wokwera Fjellheisen, kangolo koyenda pa chingwe kokwera phiri, kukaona tawuni yonse ili m'munsi komanso mwayi wina wa aurora. Ndalama za kuno ndi kroner osati euro, koma khadi imagwira paliponse, ndipo madzi a pampopi ndi abwino kumwa, tengani mabotolo anu.

Sabata ino imbirani amayi muwafotokozere zonse, za mdima, za kugwedezeka, za kuzizira, muwafunse ngati iwowo akufuna, chifukwa mwina iwo chomwe akulakalaka ndi kukhala pa sofa ndi adzukulu awo basi ndipo akuopa kukukhumudwitsani. Akati tiyeni, yambani ndi viza yawo, kenaka dokotala, makabini pambuyo. Mukasankha tsiku lokwerera pa Trondheim ndilembereninso ndi dzina la sitimayo, ndikuuzeni deki yoti mupemphe.